Pulawo Konzani Nokha, Mfuti Isiyireni Mmisiri Wake

Pa malo athu ano ophunzitsira ulimi, chinthu chimodzi chimene timabwereza kwa wophunzira aliyense kuyambira sabata loyamba n'chakuti mlimi asamathamangire ku tauni chipangizo chilichonse chikawonongeka. Timakuphunzitsani kusintha mpeni wa pulawo, kumata chubu cha ngolo, kutsuka sipuleya ndi kusintha mphira zake, ngakhalenso kuwotcherera chitsulo chothyoka. Ine ndemwe ndakhala ndikuimirira m'shedi muja ndi sipanala m'manja, n'kumakuuzani kuti ndalama imene simunaipereke kwa makanika ndi ndalama ya mbewu. Mawu amenewo sindikuwabweza. Koma lero ndikufuna kuika malire pa chiphunzitso changa chomwe, pakuti ndaona kuti ena mwa inu mwachitenga n'kufika nacho kumene sichiyenera kufika. Malirewo ali pa mfuti.

Ambiri mwa amene anamaliza maphunziro pano amalima kumene munda umachita malire ndi thengo: ku Mambwe, ku Nyimba, ku Petauke, ku Lundazi, ndi kwina konse kumene nguluwe zimafukula chinangwa usiku umodzi ndipo anyani amathyola chimanga mwini ali chipenyere. Ena ali ndi mfuti zovomerezeka, zambiri zosiyidwa ndi atate kapena amalume. Mfuti zimenezi n'zakale. Zina mtengo wake unang'aluka, zina kachitsulo kowombera kanauma, zina zimaphonya ngakhale chinthu chili pafupi. Tsono mwini wake, amene ali ndi tupa, sowo ndi dirilo m'nyumba, komanso foni yoonetsa anthu a kumayiko akutali akuphwasula mfuti patebulo, amadzifunsa kuti, “Ngati pulawo ndimakonza ndekha, ichi chingandikanike bwanji?”

Zaka zingapo zapitazo, mvula yoyamba itangogwa, anabwera kudzandiona mmodzi wa ophunzira athu akale, mnyamata wa manja aluso kuposa anzake onse a m'chaka chake. Dzina lake ndi mudzi wake ndizisunga. Anali ndi mfuti ya .303 yosiyidwa ndi amalume ake, ndipo mapepala anali atasinthidwa bwinobwino kukhala m'dzina lake. Chomudandaulitsa chinali chakuti trigger, kachitsulo kokoka ndi chala kaja, kanali kolimba, kotero kuti pokoka mfuti inkagwedezeka ndipo iye ankaphonya. Anaiphwasula, napala pang'ono ndi tupa pamene zitsulo ziwiri zimagwirana, n'kuibwezeretsa. Anayesa, nayesanso, zonse zinali bwino, ndipo anawombera nayo kangapo mwezi umenewo osaona chovuta. Tsiku lina m'mamawa, akuchokera kolondera munda, anaigoneka m'ngolo chipolopolo chili m'kati. Gudumu linagunda chitsa. Mfuti inalira yokha popanda woigwira, chipolopolo chinaboola thabwa la kutsogolo n'kukathyola ntchafu ya ng'ombe imodzi. Mng'ono wake wa zaka 12, amene ankatsogolera ng'ombezo, anali mapazi ochepa kuchokera pamenepo.

“Aphunzitsi,” anatero, “ndinangopala pang'ono chabe.” Ndimamukhulupirira. Ng'ombeyo inaphedwa tsiku lomwelo, nyama anaigulitsa motaya, ndipo chaka chimenecho analima theka la munda wake ndi khasu. Analakwitsa kawiri: kunyamula mfuti yodzaza m'ngolo, ndi kupala chitsulo chimene sanachimvetse. Cholakwa choyambacho aliyense amachidziwa, ngakhale kuti si onse amachipewa. Chachiwiricho ndicho ndikufuna tikambirane, chifukwa chimagwera anthu akhama ndi aluso kuposa aulesi.

M'kati mwa mfuti muli sipuling'i yamphamvu imene imakhala yokokedwa, yokonzeka kumenya chipolopolo. Chimene chimaigwira kuti isapulumuke ndi mlomo waung'ono wa chitsulo, umene amisiri amautcha sear, wokoleka pa chitsulo chinzake. Pamene ziwirizi zimagwirana m'pochepa kwambiri, ndipo kapendekeke kake kanayesedwa ku fakitale. Mukapala pamenepo mumachepetsa pogwirana, mumasinthanso kapendekekeko, moti kugunda kochepa kumakwanira kuti zitsulozo zitsetsereke. Pali chinanso. Pa mfuti zambiri tizitsulo timeneti timaumitsidwa kunja kokha, ngati khungu, m'kati mwake muli chitsulo chofewerapo. Tupa ikachotsa khungulo, chofewacho chimayamba kudyeka nthawi iliyonse imene mfuti yakokedwa. N'chifukwa chake mfuti ya mnyamata uja inagwira bwino mwezi wathunthu isanamutembenukire. Pulawo mukaikonza molakwika mumadziwa pa mzere woyamba, mumaima, n'kukonzanso. Mfuti siikupatsani mzere woyamba woti muonerepo.

Kusiyana kwachiwiri kuli pa mphamvu imene chitsulo cha mfuti chimasunga. Thayala la galimoto laling'ono timalipopa mpaka pafupifupi 30 psi, ndipo amene anaonapo likuphulika amadziwa kuopsa kwake. Chipolopolo cha shotigani ya 12 bore chikalira, mphamvu ya mpweya wotentha m'kati imatha kufika 11,500 psi. Cha .303 chimafika pafupifupi 49,000 psi, ndipo cha .308 chimafika mpaka 62,000 psi. Zonsezi zimachitika m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, pafupi ndi tsaya lanu, dzanja lamanzere litagwira pansi pa mpope. Palibe chipangizo china pa famu chimene chimasunga mphamvu yotere pafupi chotero ndi maso a munthu.

Chifukwa cha mphamvu imeneyi, miyeso ya m'kati mwa mfuti siyesedwa ndi diso kapena ndi tepi. Pakati pa nkhope ya bolt ndi thako la chipolopolo pali kampata kamene amisiri amakatcha headspace. Kakakula, chikhokhombe cha mkuwa chimafutukuka mopitirira, chimatha kuduka, ndipo mpweya wotentha umathamangira kumaso kwa wowombera. Kusiyana kwa kampata koyenera ndi kampata kokayikitsa kumafanana ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi kapena awiri, ndipo mmisiri amakuyesa ndi tizitsulo tapadera topangidwira mtundu umodzi wokha wa chipolopolo. Mfuti ya Lee-Enfield No. 4, imene inayamba kupangidwa mochuluka mu 1941 ndipo ikadalipo m'nyumba zambiri kuno, inali ndi mitu ya bolt ya misinkhu yosiyana, yolembedwa 0, 1, 2 ndi 3, kuti wokonza mfuti za asilikali asankhe woyenera mfuti iliyonse payokha. Ndiye mukamva mnansi akunena kuti, “Bolt yanu yatha, tengani ya mfuti yanga yakufayi, n'zofanana,” dziwani kuti n'zofanana m'maso mokha. Ilowa, itseka, ndipo mwina iwombera kangapo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Za moto ndiye ndilankhule ndi inu amene munakhoza bwino phunziro la kuwotcherera. Mukudziwa chimene chimachitika kwa nkhwangwa ikagwera m'moto wolusa: imaoneka yomweyo, koma siigwiranso mano, ikangokumana ndi mtengo wolimba imapindika kapena kusweka. Chitsulo cha mfuti chinatenthedwa ndi kuziziritsidwa mwa muyeso kuti chikhale cholimba koma chosathetheka. Kuchiwotcherera, kapena kuchitentha kuti muwongole pokhota, kumafafaniza ntchito yonseyo pamalo amene simungawaone. Chimodzimodzinso kuboola timabowo tomangirira telesikopu. Dirilo yogwira pamanja imaseseleka. Bowo likapendekeka mfuti siidzalondolanso, ndipo likazama pamalo olakwika mwafooketsa khoma losunga mphamvu ija. Kudula mpope nako kumawononga mlomo wake, pamene chipolopolo chimatsanzikana ndi mfuti, ndipo mlomo wosalingana umachitaya kumbali. Mfuti yosalondola siipha nyama msanga, imaivulaza. Nguluwe yovulala ndi yoopsa kwa ana opita kukatunga madzi m'mawa mwake.

Mayiko opanga mfuti anaphunzira zimenezi kalekale, ataona ngozi zambiri. Ku London kuli nyumba yoyesera mfuti kuyambira 1637, ndipo ya ku Birmingham inakhazikitsidwa mu 1813. Kumeneko mfuti imawomberedwa ndi chipolopolo champhamvu kuposa cha masiku onse, ili m'chipinda chotseka mopanda munthu, ndipo ikapirira amaidinda chizindikiro. Yang'anani pa mpope wa mfuti yakale ya ku Britain, mudzaona tizizindikiro timeneto. Mfuti ikasinthidwa pa zigawo zosunga mphamvu, kumeneko imayenera kukayesedwanso. Koma mlimi akasintha mfuti yake pakhonde, chipinda choyeserako ndi phewa lake ndi nkhope yake.

Ngakhale mafakitale aakulu amalakwitsa pa nkhani ya trigger. Mu 2014 kampani ya Remington ya ku America inaitanitsa mfuti zake za Model 700 ndi Model Seven zopangidwa pakati pa 2006 ndi 2014, zokhala ndi trigger ya mtundu wa X-Mark Pro, chifukwa guluu wochulukirapo amene anatsalira m'kati popanga akanatha kuchititsa mfuti kulira mwini asanafune. Ngati kadontho ka guluu kanasautsa kampani ya mainjiniya ndi makina oyesera, nanga tupa ya kunolera khasu?

Tsono ndikudziwa zimene ena a inu mukuyankha mumtima, ndipo mayankho anu si achabe.

Loyamba n'lakuti makolo athu ankakonza okha mfuti zawo. Zimenezo n'zoona. Osula a m'midzi yathu anali amisiri enieni, ankasungunula chitsulo m'ng'anjo, ndipo gogodela zinkakhala zaka zambiri chifukwa cha manja awo. Koma gogodela inkadya wonga wakuda, umene mphamvu yake njochepa poyerekeza ndi wonga wa m'zipolopolo za masiku ano. Ndiponso tisaiwale mbali ina ya mbiriyo: ambiri a ife tinakula tikuona m'mudzi nkhalamba yopanda zala ziwiri kapena ya diso limodzi, ndipo tikafunsa ankatiuza kuti mfuti inamuphulikira. Lero ngoziyo yakula, chifukwa ena amatsanula wonga wa m'chipolopolo cha makono n'kuuthira mu gogodela, imene siinapangidwire mphamvu yotero, ndipo ena amayesa paipi ya madzi kukhala mpope, osaganizira kuti paipi ili ndi msoko m'litali mwake monse. Wosula wanzeru wakale akanakana ntchito yotereyi.

Lachiwiri n'lakuti mmisiri wovomerezeka ali kutali ndipo amadula. Ichinso n'choona, ndipo sindichichepetsa. Amisiri a mfuti m'dziko muno ngochepa, ambiri ali m'mizinda ikuluikulu, ndipo kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita oposa 500. Pali ndalama ya ulendo, ya kogona, ya mmisiri, ndi ya chitsulo chimene mwina adzachita kuitanitsa kunja mfuti ili chikhalire miyezi. Si mmisiri aliyense wa m'tauni amene ali wabwino. Koma tinakuphunzitsani kuwerengera bajeti mbali zonse ziwiri. Mbali inayo ikani ng'ombe yolimira pakati pa dzinja, ikani ulendo wa ku chipatala chachikulu, ikani dzanja limene limagwira khasu, ikaninso mlandu ngati wovulalayo ndi mwana wa mnansi. Mnyamata uja anapulumutsa ndalama ya ulendo umodzi, nataya ng'ombe ndi theka la zokolola, ndipo iye mwini amati anachita mwayi. Ndiponso nthawi yokonzetsa mfuti ilipo yoyenera: mutakolola ndi kugulitsa, m'chilimwe, pamene ndalama ili m'manja ndipo m'munda mulibe cholondera. Amene amakumbukira mfuti chimanga chitabereka ndiye amagwira tupa.

Lachitatu n'lakuti pa foni zonse zimaoneka zosavuta. Kumbukirani kuti munthu wa mu vidiyo uja ali ndi makina, ali ndi tizitsulo toyesera, ndipo akawononga chigawo amagula china sabata lomwelo. Inu chigawo chimene mwapala ndi chimodzi chokhacho m'boma lanu lonse. Iye amaonetsa ntchito imene inayenda bwino. Imene inalephereka saijambula. Ali pansi pa malamulo a dziko lake, ndipo ngakhale kwawoko sachita chilichonse chimene wafuna. Ku America, pansi pa lamulo limene linayamba mu 1934 n'kusinthidwa pambuyo pake, raifolo ya mpope wosakwana mainchi 16 kapena shotigani ya mpope wosakwana mainchi 18 siiloledwa popanda kuilembetsa mwapadera ku boma.

Apa tafika pa nkhani ya lamulo lathu. Mfuti m'dziko la Zambia zimayendetsedwa ndi Firearms Act, Chapter 110. Laisensi imene muli nayo si chilolezo cha mfuti iliyonse. Ndi ya mfuti imodzi, yodziwika ndi mtundu wake, msinkhu wa chipolopolo chake ndi nambala yake. Mukasintha mpope, mukaudula, kapena mukafufuta nambala pokwecha dzimbiri ndi sandipepa, mfuti imene ili m'manja mwanu siigwirizananso ndi imene inalembedwa, ndipo tsiku lokonzetsa laisensi mudzasowa chonena. Musanasinthe kanthu, pitani ku polisi kumene mfutiyo inalembedwa mukafunse. Safunsa anadya phula. Kumbukiraninso kuti laisensi ya mfuti si laisensi yosakira. Nyama za m'thengo zili pansi pa Zambia Wildlife Act No. 14 ya 2015, ndipo zikamawononga mbewu, malo okadandaula ndi kwa a Department of National Parks and Wildlife kapena ku Community Resources Board ya m'dera lanu.

Kodi ndiye kuti mwini mfuti asaikhudze konse? Ayi. Ntchito yake ilipo, ndipo mfuti zambiri zimene zimathera pa tupa zinayamba kuwonongeka chifukwa ntchito imeneyi inanyalanyazidwa. Choyamba, nthawi iliyonse mukaigwira, tsegulani muone ndi maso kuti mulibe chipolopolo. Itsukeni mukawombera ndiponso ikanyowa, muipake mafuta pang'ono, osati kuimiza. Musanatuluke nayo, chotsani bolt kapena ithyoleni, muyang'ane mu mpope kuchokera kumbuyo ngati kuwala kukudutsa. Kuno kwathu mavu aja oumba nyumba za dothi amakonda mpope wa mfuti yopachikidwa kudenga, ndipo dothi lochepa lomwelo likwanira kutupitsa kapena kung'amba chitsulo. Gwiritsani ntchito chipolopolo chokhacho cholembedwa pa mpope. Musasakanize za 20 bore ndi za 12 bore m'thumba limodzi, pakuti chaching'onocho chimatsetserekera m'kati n'kukakamira, ndipo wina akaika cha 12 pambuyo pake mfuti imaphulika. Sikulu ya mtengo ikamasuka mukhoza kuimanga ndi sikuludiraiva yoyenera. Mfuti ikhale yokhomeredwa, zipolopolo pamalo ena, makiyi kutali ndi ana. Zonsezi ndi zanu, monga momwe kutsuka sipuleya kulili kwanu.

Malire ndiwaike momveka: chilichonse chosunga mphamvu ya chipolopolo, ndi chilichonse cholamulira nthawi imene mfuti ilira, si cha manja anu. Mpope, bolt, trigger ndi safety zisakumane ndi tupa, sowo, dirilo kapena moto wanu. Ndipo mukaona zizindikiro izi, lekani kuwombera tsiku lomwelo: chikhokhombe chotuluka chong'aluka kapena chotupa, bolt yovuta kutsegula mutawombera, mpope wotupa pena pake, shotigani yogwedera pamene imathyokera, safety yosagwira, kapena mfuti imene inaliramo yokha ngakhale kamodzi.

Posankha mmisiri, musatengeke ndi mawu a pa msika. Funsani ku polisi za amene ali ovomerezeka, ndipo mukafika kwa iye musachite manyazi kupempha kuona mapepala ake. Mufunseni ngati ali ndi zoyesera za mtundu wa chipolopolo chanu. Akupatseni risiti yolembedwa nambala ya mfuti ndi ntchito imene adzagwire. Mfutiyo mupite nayo nokha, yopanda chipolopolo, yokulungidwa, laisensi ili m'thumba. Mfuti satumiza ndi kondakitala wa basi ngati thumba la nyemba. Ndipo mmisiri akakuuzani kuti mfuti yanu yatha ndipo siikonzekanso, musakwiye n'kupita nayo kwa wowotcherera wa pamsika amene sadzakana. Mmisiri wokana ntchito, ngakhale ndalama akuiona, ndiye wokhulupirika. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Nanga amene alibe ndalama ya zonsezi atani? Yankho langa mwina silikoma, koma ndilinena: aikhome m'bokosi, kapena akaipereke ku polisi, ndipo munda aulondere mwa njira zina. Mfuti yokayikitsa siiteteza banja. Ndi chilombo china chimene mwachilowetsa m'nyumba. M'chigwa cha Luangwa alimi ambiri akuthamangitsa njovu ndi utsi wa tsabola wowawa ndi mipanda ya nsalu zopakidwa tsabola. Ngalande ndi mpanda wolimba zimachepetsa nguluwe. Kulima minda moyandikana ndi kulondera mosinthana pa nsanja kumapeputsa ntchito imene munthu mmodzi sangaithe. Bungwe la COMACO, limene limagula zokolola kwa alimi a m'chigawo cha Kum'mawa, lakhala likulandira mfuti ndi misampha kwa anthu amene anasiya kusaka n'kudalira ulimi, ndipo ambiri a iwo akudya za m'munda mwawo kufikira lero. Njira zimenezi sizithetsa vuto lonse, koma palibe imodzi mwa izo imene ingalire yokha m'ngolo.

Kudzidalira kumene timaphunzitsa pano sikutanthauza kuchita chilichonse ndi manja ako. Mlimi wodzidalira amathena yekha mbuzi zake, koma ng'ombe ikalephera kubereka amaitana dokotala wa ziweto, ndipo palibe amamuseka. Amadziwa pamene nzeru zake zalekezera. Mnyamata uja akulimabe, anagula ng'ombe ina patapita zaka ziwiri, ndipo ngolo ija akadali nayo. Thabwa lobooka sanalisinthe. Ananditumizira uthenga wakuti ndikadzalemba za nkhaniyi ndisabise kanthu kupatula dzina lake, ndipo ndachita monga anapemphera. Inu amene muli ndi mfuti m'nyumba, zokolola zikangogulitsidwa chaka chino, itsitseni, muitsegule, muiyang'ane bwinobwino, ndipo ngati pali chokayikitsa, patulani ndalama ya ulendo musanagule china chilichonse.